Kolala ya mng'ono wanga

Mng'ono wanga anabadwa ndi khosi lalifupi. Mutu wake unkaoneka ngati wangokhazikidwa pamapewa, ndipo tsitsi la kunkhongo linkatsika mpaka poyambira msana. Kwathu cha ku Mitundu palibe anaonapo vuto. Ankamuseka kuti Mulungu anali pachangu pomuumba, kenako n'kumuyamikira kuti khosi lotere ndiye la ntchito. Malemu mayi athu ankanyadira pamaso pa alendo kuti mwana uyu amasenza ndowa yodzaza osagwirira, anzake akusewerabe masanje. Ine wa khosi lalitali ndinkatchedwa mlesi. Tinakula choncho, iye akusenza, ife tikumuwombera m'manja.

Titabwera m'tauni ine ndinakhala telala pakhonde la sitolo ina ku Old Town, iye n'kuyamba geni ya kaunjika mu Msika wa Tsoka. Mwamuna wake anali atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, kumusiya ndi ana awiri. Belo la zovala limene amuna awiri amalikoka akudandaula, iye ankangopinda nkhata n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti amutwike. Ankadutsa nalo pakati pa maminibasi, mutu uli nji, maso okha ndiwo akuyenda. Ana akewo ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha mutu umenewo ndi miyendo imeneyo, panalibenso china.

Zinayamba ndi zala. Ankati zikuchita dzanzi, ndipo mabatani a bulauzi anayamba kumuvuta. Kenako anayamba kugwetsa makapu. Akatsokomola ankagwira kunkhongo ngati wina wamumenya ndi mwala, ndipo madzi akumwa ankatsamwa nawo. Atayamba kuyenda dzandidzandi m'mawa, anzake a mumsika anagwirizana kuti wayamba kachasu, munthu woti ngakhale thobwa logona samwa.

Mu Msika wa Tsoka aliyense ndi dokotala. Wogulitsa nsapato anati ndi kuthamanga kwa magazi. Mayi wa mandasi anati ndi nyamakazi, n'kumuthowa ndi madzi otentha mpaka khungu linasupuka. Wina anamutema mphini kunkhongo, wina anamupempherera akumukankha pamphumi. Kunabweranso bambo wina wotchuka kuti amawongola makosi. Anali atamugwira kale chibwano kuti amupotokole, ine n'kumuletsa. Ndisadzitame kuti ndinali ndi nzeru. Ndinamuletsa chifukwa ankanunkha mowa, akanakhala kuti wasamba m'kamwa ndikanamusiya.

Kuchipatala tinapita maulendo atatu. Ulendo wachitatuwo tinakumana ndi dokotala wamkazi, wamng'ono thupi, woti mutakumana naye pamsewu mungamutume madzi. Anamuuza kuti ayende kuchoka pakhomo kufika pazenera. Anamugogoda m'mawondo, miyendo n'kudumpha yokha. Sanalembe mankhwala. Anatitumiza kukajambulitsa mutu ndi khosi mu makina aja amene munthu amalowa chogona.

Zithunzi zitatuluka anatikhazika pansi n'kutifotokozera pang'onopang'ono, m'Chichewa. Pansi pa chigaza pali bowo, ndipo m'bowomo mumadutsa chingwe chochokera ku ubongo chimene chimatsikira mumsana. Chingwe chimenecho ndicho chimalamula manja, miyendo, ngakhale kupuma. Fupa lachiwiri la khosi lili ndi kansonga kooneka ngati chala. Kwa mng'ono wangayu mafupa a pamenepo anaumbika molakwika ali m'mimba, ndipo kansongako kanali katakwera kulowa m'bowo lija, kakufinya chingwecho. Dokotalayo anafunsa ngati mayiwa amasenza katundu. Ine ndinayankha monyadira kuti mu Tsoka yense mulibe wowaposa. Anandiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi ndisanadziwe chifukwa chake.

Anati njira ilipo, opaleshoni. Adzakoka fupalo kuti litsike, kenako adzamangirira chigaza ku khosi ndi timisomali ndi tizitsulo kuti lisakwerenso. Vuto linali lakuti pamalo pamenepo pamadutsa mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi ku ubongo, ndipo mwa munthu wa mafupa opotoka chibadwire mitsemphayo sikhala pamene mabuku amanena. Dokotala sangangoyerekeza. Pamafunika makina amene amatenga zithunzi za munthuyo n'kumaonetsa pa kompyuta pamene pali nsonga ya chitsulo chimene dokotala wagwira, kuti pamene akuboola aziona chimene chili kutsogolo kwake. Makinawo ankabwera ndi madokotala ena alendo patatha masabata atatu, ndipo dzina la mng'ono wanga analilemba pa Lachiwiri la sabata yawoyo.

Asanatitulutse anamuveka kolala, ija yolimba ya pulasitiki imene imagwira chibwano ndi nkhongo.

"Kolala iyi isachoke," anatero. "Pamutu pasakhale kanthu, ngakhale mtolo wa masamba. Mukalakwitsa kamodzi kokha miyendo ikhoza kupita, mwinanso kupuma kumene. Inu amayi ndinu gadiyani. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndinasayina papepala ndi cholembera changa.

Mayi athu atamwalira, amene anatsala pamalo pawo ndi mng'ono wawo, mayi aang'ono. Iwo anakwatiwa ndi bwana wa ku Capital Hill ndipo amakhala ku Area 11, kumene mitengo ndi yambiri kuposa anthu. Ukafika pageti umadikira mlonda akafunse ngati uli m'bale weniweni, ndipo akakulola umazungulira n'kulowera khomo la kukhitchini. Nkhani yaikulu ngati opaleshoni sitikanaibisa kwa mayi, choncho tinapita Lamlungu titatuluka kutchalitchi, zithunzi zili mu envelopu yaikulu.

Mayi aang'ono anatulutsa chithunzi chimodzi n'kuchiyang'anitsa pazenera. Anachigwira chozondoka. Anapukusa mutu, n'kunena kuti iwo sakuonapo chachilendo, madokotala a masiku ano akaona munthu amangofuna kucheka. Anati mnzawo wina anavalapo kolala yomweyi atachita ngozi ya galimoto, ndipo ankaivula popita kuukwati, pano ali bwinobwino. Atatero anaika chithunzicho pansi pa mbale ya maluwa n'kuitanitsa nsalu.

Mwana wawo wamkazi, amene kwa ife ndi mng'ono wathu, ankachita chinkhoswe Loweruka, kutatsala masiku atatu kuti opaleshoni ichitike. M'nyumba imeneyo munalibe nkhani ina. Kunali komiti ya zakudya, komiti ya zokongoletsa, komiti ya mipando, ndi komiti yoyang'anira makomiti enawo. Anali atasankha mtundu wa tsikulo, wobiriwira ndi wagolide, ndipo ngakhale nkhuku zosinthana ankhoswe zinali zoti zidzamangidwe maliboni a mtundu womwewo. Yunifolomu ya akuchikazi anati ndisoke ine.

Apa ndisanamizire ena okha. Zaka zonse zimene ndinakhala pakhonde paja ndinkasoka mayunifolomu a sukulu ndi kupinda mathalauza a kaunjika. Azimayi a ku Area 11 ndi ku Area 13 sasoketsa pakhonde, amapita kwa matelala a magalasi ku City Centre. Ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Ndinajambula sitayelo yanga ndekha, yotsegula pamapewa, ndi mkombero wagolide wozungulira pakhosi. Madiresi khumi ndi awiri ndinawasoka masabata awiri, mpaka msana unauma. Poyesa diresi la mng'ono wanga, kolala ija inaphimba mkombero wonse. Ndinaima patali n'kumuyang'ana, ndipo chimene chinandiwawa si matenda ake ayi, chinali mkombero wanga.

Iye sankafuna kupita. Anati angokhala kunyumba, adzapepesa pambuyo pake. Ine ndinamuuza kuti chinkhoswe cha mng'ono wako sujomba, anthu adzati tili ndi nsanje ndi a ku Area 11. Ndinamulonjeza kuti akangokhala pampando n'kumaonerera.

Loweruka lija kapinga yense anali matenti. Akuchimuna anabwera ndi magalimoto mpaka anadzaza msewu. Azimayi a kumudzi kwathu, amene anabwera pa lole kudzaphika, anawaika kuseri kwa nyumba pafupi ndi thanki ya madzi, kumene alendo sangawaone. Mng'ono wanga ndinamukhazika pakhonde la kumbali, nditamukulunga mpango pakhosi kuti kolala isaonekere. Inkaonekerabe. Aliyense wodutsa ankaima n'kufunsa ngati anachita ngozi, ndipo iye ankayankha ndi maso okha, poti kugwedeza mutu sakanatha.

Pa chinkhoswe pamafika nthawi yoti azimayi a kuchikazi atuluke pamzere atasenza madengu a mphatso, kukawatula pamaso pa apongozi. A komiti ya zokongoletsa anali atakonza madengu khumi ndi awiri. Poti kwawoko chinthu chimangofunika kuoneka, anawadzaza ndi manyuzipepala ofwanyafwanya n'kuphimba nsalu yagolide pamwamba. Anawandanda kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pophikira.

Zimene zinachitika kuseriko ndinazimva pambuyo pake. Mayi wina wa kumudzi anavundukula dengu limodzi n'kupeza mapepala. Anaitana anzake. Kwathu supita kwa apongozi ndi dengu lopanda kanthu, kumeneko n'kutukwana, ndipo mwana wako amalowa m'banja atanyozeka kale. Azimayi aja sanafunse munthu, poti ndani akanawamvera. Anakhuthula mapepala onse n'kuthiramo ufa woyera, nyemba ndi mtedza zimene anabwera nazo, mpaka madengu anadzaza. Anaphimbanso nsalu ija bwinobwino n'kubwerera pamoto, mitima ili m'malo kuti apulumutsa dzina la mudzi.

Nthawi itakwana, mayi aang'ono anawerenga mzere n'kupeza khumi ndi mmodzi. Wojambula anali atakonza zoti tiyende awiriawiri. Anabwera pakhonde paja nsapato zikulira, ine ndili pambuyo pawo. Anati akulu ake a mkwatibwi ndife awiri, tiyenera kutsogolera, akuchimuna adzafunsa kuti winayo ali kuti. Ndinawakumbutsa mawu a dokotala, koma ndinawakumbutsa ndi mawu apansipansi, ngati munthu amene akufuna kuti amutsutse.

"Pulizi ana anga, faivi minitsi yokha," anatero. "Madengu aja mulibe kanthu, ndi mapepala. Kuchoka apa kufika patenti ndi patali? Mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu onsewa? Mayi anu akanakhala moyo akanalola zimenezi?"

Mng'ono wanga anandiyang'ana. Sanayang'ane mayi aang'ono, anayang'ana ine, gadiyani wake. Ndinamuuza kuti pepala si katundu. Ndinamasula mpango. Kolala ija imamatidwa kumbuyo ndi tinsalu tolumana, ndipo pomatula imalira mokweza. Ndinaimatula ine, ndi manja angawa, n'kuiponya m'chikwama changa. Ndinamukonza mkombero pamapewa. Mayi aang'ono anati taonani mmene wakongolera.

Madengu anawabweretsa pakhonde. Nyimbo inali itayamba kale, woyendetsa mwambo akuitana akuchikazi pa chimkuzamawu. Mng'ono wanga anapinda nkhata ndi mpango uja monga mwa masiku onse n'kuiika pamutu. Ine ndi mayi wina wa komiti tinawerama kuti timutwike.

Nditangoligwira dengulo ndinadziwa. Manja a telala amadziwa kulemera kwa chinthu, ndimatha kukuuzani kutalika kwa nsalu pongoinyamula. Mmenemo munalibe mapepala. Mayi wa komitiyo sanasenzepo kanthu chibadwire, sakanadziwa kusiyana kwake. Ine ndinadziwa. Kutsogolo wojambula anali atagwada kale pakapinga, akuchimuna atatembenuka onse, nthungululu zili pakamwa. Ndinadziuza kuti munthu uyu wasenza mabelo zaka zonsezi, ufa wokha ungamutani. Tinalikweza n'kulikhazika pamutu pake.

Iye analilandira. Mkazi wa kwathu akatwikidwa pamaso pa alendo satula katundu n'kunena kuti walemera. Anaima, n'kuyamba kuyenda. Ine ndinasenza langa n'kuyenda pambali pake. Tinatsika masitepe atatu a khonde. Pa sitepe iliyonse mtima wanga unkaima, koma anatsika. Titafika pakapinga ndinayamba kupuma, mwinanso ndinavina pang'ono. Ndinamva mayi wina wa akuchimuna akufunsa mnzake kuti madiresi amenewa wasoka ndani, ndipo ndinasangalala. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndi zoona.

Tinafika patsogolo pa apongozi n'kugwada, madengu ali pamutu. Azimayi awiri a kuchimuna anabwera kudzamutula. Nawonso ankayesa kuti ndi mapepala. Wina anakoka mbali yake mopepuka mnzake asanagwire, dengu linapendekeka, ndipo kulemera konse kunakankha mutu wake kutsogolo. Sipanamveke phokoso lililonse. Ufa pang'ono unatayikira pa diresi, azimayi aja n'kuseka modabwa, n'kulinyamula awiri.

Tonse tinaimirira. Iye anatsala chogwada, manja ali pakapinga, nkhope ili pansi. Woyendetsa mwambo, bambo wa suti yonyezimira amene analipidwa kuti pakamwa pasamaume, anauza anthu kuti aone ulemu wa akuchikazi, ulemu woti masiku ano unasowa. Anthu anawomba m'manja. Ena anaimirira kuti ajambule pa mafoni. Ndinawerama kuti ndimuuze kuti zakwana, dzuka.

"Achemwali," anatero chapansipansi, "miyendo sindikuimva."

Kenako anagwera kumbali. Amuna anathamanga n'kumunyamula ngati thumba la chimanga, wina miyendo wina m'khwapa, mutu ukulendewera. Apo m'pamene mawu anga anabwerera. Ndinakuwa kuti gwirani mutu, ndinakhuthula chikwama pakapinga, ndinamuveka kolala ija, mwina mokhotakhota. Mayi aang'ono analoza kuti adutse naye kuseri, osati pakati pa matenti. Anauza alendo kuti ndi chizungulire cha dzuwa. Pamene galimoto inkatuluka pageti, nyimbo anali ataikweza, ndipo ankhoswe anali akusinthana nkhuku za maliboni zija.

Titafika kuchipatala, anamwino anaimbira foni dokotala uja ali kunyumba kwake, ndipo anafika atavala zovala za Loweruka. Anamubaya ndi kasingano kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba, akufunsa ngati akumva. Mng'ono wanga anayamba kumva singanoyo itafika pachifuwa. Dokotalayo anayang'ana diresi lobiriwira, ufa uli pamapewa, n'kuyang'ana langa lofanana nalo. Anafunsa kuti kolala anachotsa ndani.

Ndinatsegula pakamwa. Sindikudziwa chimene ndikananena, chifukwa mng'ono wanga ananditsogolera kuyankha.

"Ndinachotsa ndekha, adokotala. Inkanditentha."

Dokotalayo sanamukalipire. Anangoti zithunzi zakale zija zatha ntchito, fupa lasuntha, makina sangatsogolere munthu ndi zithunzi za khosi limene kulibenso. Anamujambulanso tsiku lomwelo. Madokotala alendo aja anali atafika kale mumzinda, ndipo anasintha ndandanda wawo kuti ayambe ndi iye Lolemba m'mawa.

Lolembalo ndinakhala pabenchi kunja kwa chipinda cha opaleshoni kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litapendeka. Cha kumasana kunabwera dalaivala wa ku Area 11 ndi chakudya chokulunga bwino: mpunga ndi nkhuku zotsala pa chinkhoswe, ndi chidutswa cha keke. Anati madamu akupereka moni, sakwanitsa kubwera chifukwa akubweza mipando. Ndinapereka chakudyacho kwa gadiyani wina amene anali pambali panga. Keke ndinaitaya m'bini, ndipo ndinamva bwino pang'ono, ngati kuti kutaya keke kunali kulimba mtima.

Atamaliza, dokotala uja anandiitanira m'kachipinda n'kundionetsa pa kompyuta. Ndinaona chigaza cha mng'ono wanga, kachitsulo kopindika katamatidwa kunkhongo, ndi timisomali titalowa m'mafupa a khosi mbali zonse ziwiri. Anandilozera pamene mtsempha wa magazi unkadutsa, pamalo poti suyenera kudutsa, ndi pamene kamsomali kanaulambalala. Mpata wake unali ngati wa ulusi. Anati popanda makina aja akanaboola pomwepo, chifukwa mwa anthu ena onse pamenepo pamakhala fupa lokhalokha. Ine za udokotala sindidziwa, koma msoko wabwino ndimaudziwa, ndipo ntchito imene ndinaona pamenepo inali yaukhondo. Anthu ochokera kutali anasamala mpata wa ulusi m'khosi la munthu amene sankamudziwa n'komwe, pamene abale ake enieni tinalephera kumusiya pampando.

Ndinafunsa ngati ayenda. Dokotalayo anati fupa alitsitsa, chingwe chija chamasuka, kupuma sikulinso pangozi. Koma chingwecho chinavulala Loweruka, ndipo pamenepo makina alibe chochita.

"Akanabwera mmene analili Lachisanu, ndikanakuuzani kuti ayenda," anatero. "Pano tiyeni tidikire."

Tinadikira. Miyezi ya mafizo, yophunzitsanso manja ndi miyendo kuchipatala, inadutsa, ine ndikumukweza ndi kumutsitsa m'maminibasi, makondakitala akudandaula kuti tikuchedwetsa. Manja anabwerera, ngakhale kuti lamanzere ndi lofooka. Miyendo inabwerera theka. M'nyumba amayenda atagwira chitsulo cha miyendo inayi, akukoka phazi limodzi, koma kufika pamsewu sangathe. Khosi silitembenukanso, akafuna kuyang'ana kumbali amatembenuka thupi lonse. Benchi lake la mu Tsoka pano pali munthu wina. Iye ndi ana ake anasamukira kwa ine ku Mchesi, ndipo amandithandiza kusokerera mabatani.

Pa mlandu wa dengu lija, banja lathu linachita zimene limadziwa bwino. Mayi aang'ono anati olakwa ndi azimayi a kumudzi, anthu osaphunzira ogwira zinthu zosawakhudza. Azimayi a kumudzi anati olakwa ndi a ku Area 11, amene amafuna kupatsa apongozi zinyalala. Akuluakulu a mpingo anati zonse zimachitika ndi cholinga. Pamapeto pake onse anagwirizana kuti matendawo anali nawo kale, ndiponso iye mwini anavomera kuti anachotsa yekha kolala. Dzina langa silinatchulidwe paliponse. M'malo mwake ankandiyamikira kuti ndine mkulu wachitsanzo, wosunga m'bale wake.

Mayi aang'ono anabwera kudzamuona kamodzi. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo, n'kutionetsa zithunzi za chinkhoswe pa foni. Chimene anachikonda kwambiri, chimene anachikulitsa n'kuchipachika pabalaza pawo, ndi cha ife awiri tikutsika masitepe, madengu ali pamutu. Chinatuluka bwino, sindingakane. Chithunzi chimenecho chinayenda m'mafoni, ndipo azimayi a ku Area 11 ndi ku Area 13 anayamba kuimika magalimoto kutsogolo kwa khonde langa, kufuna diresi la mkombero ngati limenelo. Munthu wa mtima akanakana. Ine ndinasoka, ndipo ndikusokabe.

Ndinakhala nazo m'mimba chaka chathunthu. Tsiku lina m'mawa, ana atapita kusukulu, ndinkamupukuta kumsana atatha kusamba. Anali atakhala pampando, akuyang'ana khoma. Chipsera chake chimayambira m'tsitsi kutsika mpaka pakati pa mapewa, chowongoka bwino. Poti sakanatha kutembenuka kuti andione, ndinapeza mphamvu. Ndinamuuza kuti tsiku lija, pomutwika, ndinamva kuti dengulo ndi lolemera. Ndinamuuza kuti ndinadziwa lisanafike pamutu pake.



"Ndinakuonani," anatero. "Munaluma mlomo polikweza. Ndinadikira kuti munene kuti tsitsani. Mukananena inu, ine ndikanakhala pansi."

Ndinamufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani anamunamiza dokotala. Ndinkayembekeza kuti anena za chikondi, kapena za malemu mayi athu, kuti ndilire n'kupepukidwa.

"Ndinali nditaona kale kuti sindidzukanso," anatero. "Ndikanakuyalutsani pamaso pa anthu, akanandisambitsa ndani?"

Anatambasula dzanja lamanja kuti ndimupatse bulauzi. Ndinamupatsa, ndipo mabatani anamanga yekha.